Katungwe wa ana kuseri kwa nyumba: mabulaketi ndili nawo koma matabwa akukana kulowa

Bambo wa ku Area 49

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumagwira ntchito ya matabwa ndi zitsulo.

Alamu anga amene amakhala ku America anditumizira mabulaketi awiri achitsulo omangira katungwe wa ana. Bulaketi iliyonse ili ndi mabowo atatu a ngodya zinayi. Awiri aloza pansi motangaza, ndiwo olowetsamo miyendo, ndipo lachitatu lagona chopingasa pamwamba, ndilo la mtanda. Atumizanso zokolekerapo matcheni zinayi, koma matcheni ndi mipando ndiyenera kupeza konkuno. Papepala lake alemba kuti miyendo ikhale ya 4 by 4 yotalika mafiti 8, mtanda ukhale wa 4 by 6.

Loweruka ndinanyamula bulaketi imodzi kupita nayo ku Mchesi kuti ndikayese pa matabwa ndisanagule. 4 by 4 aliyense amene ndinamuyesa anakana kulowa. Nditayeza ndi tepi ndinapeza kuti bowo ndi la masentimita 9 pomwe thabwa likufika 10, lina kupyola pang'ono. Ogulitsa wina anati tingosema kumapeto ndi kasemasema mpaka lilowe, koma mtima wanga sunavomere, poti pamenepo ndi pamene padzakhale moyo wa ana anga. 4 by 6 ndiye sindinamuone n'komwe.

Ana ndi awiri, wa zaka 7 ndi wa zaka 4, ndipo ndikudziwa kuti likangomveka, ana a mzere wonse adzakhala pano. Malo ali pakati pa khoma la nyumba ndi mpanda wa njerwa, mamita 7. Dothi ndi lofiira ndipo chiswe chilipo chambiri, chinatha kale mitengo ya thandala la mbale.

Ndiye ndifunse: ndipalitse matabwa kapena ndiwasiye mabulaketiwa ndipangitse ena konkuno? Mtengo wake ukhale paini kapena bulugamu? Nanga miyendo ndiikwirire m'nthaka kapena ingokhala pamwamba?

Kalipentala wa ku Zomba

Bambo, mwachita bwino kukana kasemasema. Mabulaketiwo alibe vuto. Ku America thabwa limene amalitchula 4 by 4 analiumitsa ndi kulipala kale, ndiye kukula kwake kwenikweni ndi mainchesi atatu ndi theka, amene ndi mamilimita 89. 4 by 6 wawo ndi 89 kwa 140. Athu kuno amachokera ku sowo osapala, n'chifukwa chake akufika 100. Tengani matabwa anu mupite nawo kwa amene ali ndi makina opalira, muwauze kuti a miyendo atsitse mbali zonse mpaka 89, thabwa lonse kuyambira kumutu mpaka kunsi. Bulaketi mupite nayo ayesere pomwepo. Lizilowa mothina, lochita kukhomedwa pang'ono ndi chibulumwa cha mtengo. Mukasema kumapeto kokha, pamene pathera posemapo pamakhala phewa losunga madzi a mvula, ndipo kuola kumayambira pamenepo, m'kamwa mwa chitsulo momwe maso safika.

Pa za mtengo, ine ndimakonda bulugamu wokhwima wocheka, makamaka pa mtanda. Ndi wolimba kuposa paini wa ku Chikangawa amene wadzadza m'misikamu. Vuto lake n'lakuti ambiri amamugulitsa ali wamuwisi, ndipo akamauma amang'aluka kumapeto ndi kupotoka. Mukamupala lero ali ndi madzi, pakatha miyezi iwiri adzakhala akugwedera m'bulaketi chifukwa wafota. Mugule, mumusanje pamthunzi potsamiritsa pa timitengo kuti mphepo izipita pansi ndi pakati, pamwamba muikepo zolemera. Aume kaye, kupala kubwere pambuyo. Ngati mukufulumira, funani amene wakhalitsa m'shedi. Mukamugogoda amalira mowuma, ndipo amapepukirapo m'manja.

Paini ku miyendo atha kugwira ntchito ngati ali wothira mankhwala, koma ku mtanda musankhe mosamala kwambiri. Thabwa la mfundo zazikulu pakati musatenge ngakhale atakutsitsirani mtengo, chifukwa limathyokera pa mfundo. Mtanda ndi umene umasenza zonse. Mwana akamakwera m'mwamba n'kutsika, pofika pansi penipeni matcheni amakoka kuposa kulemera kwake. Akamafika pokwera ndithu amakoka kawiri, ndipo akafika poti matcheni agona molingana ndi mtanda amakoka katatu. Mnyamata wa makilogalamu 60 ndiye kuti akukoka pafupifupi 180, ndipo anyamata otere adzakwerapo inu muli kuntchito. Mangirani iwowo, osati wanu wa zaka 4.

4 by 6 muchite kuitanitsa kwa ocheka, amacheka mukawauza, wa mamita 3 akwana mipando iwiri. Ena adzakuuzani kuti muphatikize ma 2 by 6 awiri. Zimatheka, koma ine sindizikonda panja, chifukwa madzi amalowa pamsoko ndipo mabowo a zokolekera amagwera pamsoko pomwepo. Poika, mbali yaitali ya 140 iime choimirira. Mukaugoneka chafulati umawerama msanga.

Zokolekera zimangidwe ndi mabauti opyola mtanda wonse, pamwamba wasala wamkulu ndi nati wa pulasitiki m'kati uja wosamasuka yekha. Zija zongopotokolera m'thabwa ngati sikuluu zimasukusika pang'onopang'ono mpaka tsiku lina zimazuka.

Miyendo musakwirire. M'dothi lanu lofiira la chiswelo, mtengo wokwirira udzaoneka bwino pamwamba pomwe pansi watha. Ndipo musauzike m'konkire ayi, chifukwa mtengo ukafota pamatsala mpata, madzi amakhala mmenemo mvula yonse kuyambira Disembala mpaka Marichi. Mukumbe maenje anayi, muthire konkire, muzikemo fulatiba (chitsulo chachitali chafulati) yokhuthala yotulukira pamwamba. Mwendo ukhale pamwamba pa konkire, wokwera pang'ono kuti usagone m'madzi, ndipo umangidwe ku fulatibayo ndi mabauti awiri. Chiswe chikafuna kukwera chidzayamba chamanga kanjira kake ka dothi pa konkire, inu n'kukaona posesa n'kukaphwanya.

Wowotcherera wa ku Ndirande

Akalipentala anena zoona, ine ndingowonjezera za chitsulo. Mabulaketi amenewo musawadule kapena kuwatanula kuti thabwa lilowe. Mukangowagwiritsa gulayindala mwachotsa utoto wake wophika uja, ndipo dzimbiri liyambira pomwepo. Atakhala kuti mulibe, tikanakupangirani ndi pleti ya mamilimita 4 kapena 5 molingana ndi thabwa lanu la 100, osavutika n'kupala. Koma poti alipo kale, agwiritseni ntchito.

Chimene ndikufuna mukaone n'chakuti pansi pa bowo la mtanda pali potulukira madzi kapena ayi. Ngati palibe, boolani kabowo kakang'ono ndi dirilo, mupake redi okusaidi, penti yofiira yoletsa dzimbiri, pamene mwaboolapo.

Ma fulatiba a m'konkire aja auzeni akupindireni kunsi kwake kuti asasololoke, ndipo awapinde molingana ndi kupendekeka kwa mwendo. Njira yosavuta ndi iyi: mangani katungwe yense kaye, mumuimike pamalo pake, muone ndi levulo kuti mtanda wagona bwino, mumange ma fulatiba ku miyendo akulendewera m'maenje, kenako muthire konkire. Mukayamba ndi konkire mabowo sadzakumana. Ana asakwerepo mpaka patatha sabata, ngakhale alire.

Tcheni mugule cha mphete zowotcherera, chokutidwa ndi zinki, cha mamilimita 6. Chija chomangira galu chili ndi mphete zongopinda, chimatanuka. Ngowe zonse zokolera tcheni, zopindika ngati chilembo cha S, zitsekedwe ndi pulayala yaikulu mpaka pasatsale mpata woti ndalama yachitsulo ilowe. Bauti akatsala wautali mumudule ndi kumusalaza, mutu wake uloze kumene ana amagwira.

Mchemwali wa ku Johannesburg

Achimwene, pa za mankhwala ndiikepo mawu, poti kuno ndimagulitsa m'sitolo ya zomangira. Matabwa othira mankhwala kuno amadindidwa chizindikiro kumapeto. H2 ndi a m'nyumba monga a denga, H3 ndi a panja osakhudza nthaka, H4 ndi olowa m'nthaka. Mukapeza odindidwa kumeneko mudziwe kuwerenga kwake. Koma ambiri obiriwira amene ndinkawaona kumudzi anangoviikidwa m'mgolo, mankhwala ali pakhungu pokha. Mukawapala kuchoka pa 100 kufika pa 89, mankhwala onse atsala m'zipalo. Ndiye muyambe mwapala, mwadula, mwaboola mabowo onse, kenako mupake mankhwala, makamaka kumapeto kumene mtengo umamwera madzi.

Mankhwala obiriwira a CCA ali ndi poizoni wa arsenic. Ku America anasiya kuwagwiritsa ntchito pa matabwa a pakhomo ndi a zosewerera za ana kumapeto kwa 2003. Ngati ndi amene mwapeza, apakeni penti yamafuta kapena vanishi wa panja, muzibwereza akayamba kusuluka, ndipo ana azisamba m'manja asanadye. Chimene ndikuchondererani kwambiri: zidutswa zotsala ndi zipalo zisapite pamoto. Kwathu kanthu kalikonse ka mtengo kamathera kukhitchini, koma utsi ndi phulusa la matabwa amenewa ndi zoopsa, ndipo phulusalo ena amatsukira mapoto.

Mitengo yakuda ya phula ngati ya magetsi ija, ndi oyilo wakutha wa galimoto amene anthu amapaka mitengo ya khola, zisayandikire katungwe. Dzuwa la Okutobala likawomba zimatuluka thukuta, zimawotcha khungu la mwana.

Namwino, mayi wa atatu

Bambo, onse akamba za kulimba kwa katungwe, koma ine mtima wanga waima pa mamita 7 amene mwatchula. Katungwe wolimba bwino amavulazabe ngati malo ali ochepa. Bungwe la boma la ku America loona za chitetezo cha katundu, la CPSC, limalangiza kuti kutsogolo ndi kumbuyo kukhale malo opanda kanthu otalika kawiri msinkhu wa mtanda, ndipo m'mbali mafiti 6. Miyendo ya mafiti 8 ikatangadza, mtanda ukhala pamwamba mamita awiri ndi kanthu. Ndiye mukufunika mamita oposa anayi kutsogolo, enanso oposa anayi kumbuyo. Pa mamita 7 sizikwana, ndipo mbali zonse ziwiri muli ndi njerwa. Wa zaka 7 uja sadzatsika bwinobwino, adzachita kulumpha katungwe ali m'mwamba. Onse amatero.

Chachiwiri ndi pansi. Bwalo lathu losesa tsiku ndi tsiku nthawi ya chilimwe limauma gwa ngati simenti, ndipo kapinga pansi pa mpando amatha msanga ndi mapazi. Ana ambiri amene timawaika pulasitala anagwera dzanja poti adzitchinjirize. Kumbani muthire mchenga wa kumtsinje wosefa, wozama masentimita 23 kapena kuposa, muziutipula ndi khasu ukayamba kulimba. Mudziwe kuti a bungwe lomwelo amati mchenga wozama chotero umateteza bwino mpaka pa msinkhu wa mafiti 5 okha, kotero katungwe wamfupi ndiye wabwino kwa ana a misinkhu imeneyi. Konkire ya miyendo ikhale yosalaza m'mphepete, mchenga uiphimbe mbali zake.

Mpando usakhale thabwa lolemera la ngodya zakuthwa. Wamng'onoyo adzadutsa kutsogolo mkulu wake ali m'mwamba, ndipo limene limamenya ndi pamphumi kapena mano. Lamba wokhuthala wa raba ndi wabwino. Mukasankha tayala, muone kuti mawaya sanatulukire, mulibowole pansi madzi asamakhalemo n'kuswa udzudzu. Ndipo muwauze ana ndi owalera kuti pa mtandapo pasamangidwe chingwe, kaya cha fishifishi kaya choyanikira zovala. Chingwe cholendewera chikakola khosi mwana sakuwa, ndipo zimachitika m'kanthawi kochepa.

Bambo wa ku Area 49

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Amayi anamwino, ndatenga tepi madzulo ano. Motsatira khoma la nyumba, kuchokera pa thanki ya madzi kufika pa mtengo wa mapeyala, pali mamita 11. Ndikamutembenuza kuti azikankhana motsatira khomalo, malo akutsogolo ndi kumbuyo akukwana. M'mbali, ndi mtanda wa mamita 3, kukutsala mamita awiri uku ndi uku. Chingwe choyanikira zovala ndichisamutsira kwina.

Akalipentala, funso lina. Ngati ndifupikitse miyendo kuti mtanda utsikeko monga anenera amayiwa, mabulaketi salola? Ndipo pakati pa miyendo iwiri pakufunika thabwa lopingasa, kapena chitsulo chokha chikwanira?

Kalipentala wa ku Zomba

Fupikitsani, palibe choletsa. Bulaketi imagwira kutangadza kwa miyendo basi, kutalika ndi kwanu. Mudule yonse inayi mofanana, mafiti 7 akhala bwino, ndipo kunsi mudule mopendeka kuti mwendo upondere wonse pa konkire.

Thabwa lopingasa ikani, 2 by 4 mbali iliyonse, lomanga ndi bauti wopyola, osati misomali. Liikeni m'mwamba ndithu kuti lisasanduke makwerero okafikira pa mtanda. Zokolekera za mpando umodzi zitalikirane kuposa m'lifupi mwa mpandowo pang'ono, kuti usamayende cham'mbali, ndipo pakati pa mipando iwiri musiye masentimita 60. Pakatha mwezi mudutse ndi sipanala pa manati onse, chifukwa bulugamu adzakhala wafotanso pang'ono. Muzitero mvula isanayambe ndi ikatha, ndipo muzibaya kunsi kwa miyendo ndi sikuludiraiva. Ikalowa mosavuta, mwendo umenewo musinthe tsiku lomwelo.