Zida zofufuzira mawu zachuluka mu init.el yanga, ndichotse ziti?

Wa ku Kabwata:
Moni nonse. Ndagwiritsa ntchito Emacs, pulogalamu yolembera ndi kusinthira mafayilo, kwa zaka zingapo, ndipo fayilo yanga ya init.el, imene imasunga makonzedwe anga a Emacs, yafanana ndi nyumba imene mwini wake amangowonjezera chipinda chaka chilichonse popanda pulani. Pofufuza mawu m'mafayilo a pulojekiti ndili ndi njira zinayi, rgrep, ag, projectile-grep ndi consult-ripgrep, ndipo iliyonse ndinaiika panthawi yake pa chifukwa chimene lero sindichikumbukira. Sabata yatha ndinasintha dzina la variable nditadalira zimene consult-ripgrep inapeza, koma dzinalo linalinso m'fayilo ya m'foda ya .github, ndipo ntchito inaima tsiku lathunthu. Ndiyambire pati kukonza popanda kugumula zimene zikuyenda bwino?

Wa ku Chilenje:
Achimwene, musanachotse kanthu, yambani mwamvetsa chifukwa chimene zidazi zimasiyanira mayankho. Pulogalamu ya ripgrep, imene Andrew Gallant anailemba mu Rust n'kuitulutsa mu 2016, imadumpha mwadala mafayilo otchulidwa mu .gitignore (mndandanda wa mafayilo amene git, pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha, siwatsata) ndiponso mafayilo ndi mafoda onse amene mayina awo amayamba ndi kadontho, n'chifukwa chake consult-ripgrep, imene imadalira ripgrep, sinaione .github. Koma rgrep imadalira find ndi grep, ndipo imadumpha zokhazo zimene zili pa mndandanda wake, monga grep-find-ignored-directories. Choncho muli ndi malamulo angapo osagwirizana onena za chimene chiyenera kudumphidwa, ndipo vuto lenileni lagona pamenepo.

Ine ndinalemba --hidden ndi --glob=!.git m'fayilo imodzi, ndipo RIPGREP_CONFIG_PATH, variable imene imauza ripgrep kumene kuli makonzedwe ake, imaloza fayiloyo, kotero kuti ndikafufuza mu terminal kapena mu Emacs yankho limakhala limodzimodzi. Chenjerani pa chinthu chimodzi: mukatsegula Emacs podina chizindikiro chake, nthawi zina siilandira zimene munaika mu .bashrc, fayilo ya makonzedwe a terminal, motero ndi bwino kuikanso variable imeneyi mu init.el momwemo pogwiritsa ntchito setenv.

Mayi wa ku Matero:
Ndikugwirizana ndi zimene a ku Chilenje afotokoza, koma ine ndikadapita patsogolo n'kufunsa ngati Projectile, phukusi loyendetsera mapulojekiti limene lili ndi projectile-grep, mukuifunabe. Emacs imabwera ndi project.el yakeyake, ndipo kuyambira pa Emacs 28 mungaike xref-search-program kukhala ripgrep, kenako kudina mabatani a C-x p g kumafufuza pulojekiti yonse mofulumira. Ubwino wake ndi wakuti mndandanda wa mafayilo umachokera ku git, choncho fayilo ya mu .github ija ikadapezeka. Sindikunyoza Projectile, inandithandiza kwa nthawi yaitali, koma phukusi lililonse limene mwasunga ndi katundu woti muzimusamalira mpaka kale.

Pochotsapo musathamange. Sonkhanitsani kaye mizere yonse yokhudza kufufuza pamalo amodzi popanda kusintha chilichonse, mupange commit (kusunga zosintha mu git), kenako muzichotsa chida chimodzi pa commit iliyonse n'kugwira ntchito masiku angapo musanachotse china. Mabatani amene zala zanu zinazolowera musawasinthe, ingowalozetsani ku lamulo latsopano. Onjezaninso executable-find, imene imaona ngati pulogalamu ilipo, kuti pa kompyuta yopanda rg (ndiye ripgrep yomweyo), monga seva ya kasitomala, grep izigwira ntchito m'malo mwake.

Wa ku Kabwata:
Zikomo kwambiri akuluakulu. Usiku wapitawu magetsi atabwera ndinasonkhanitsa mizere ija, ndipo ndinapeza kuti mndandanda wa mafoda odumphidwa ndinaulemba katatu, ndipo node_modules inali m'malo awiri okha. Ndachotsa ag, chifukwa palibe chimene imachita choposa ripgrep pa ntchito yanga. Consult-ripgrep ndaisunga, popeza ndimakonda kuona zotsatira ndikulemba. Projectile ndiisiya kaye mpaka kumapeto kwa mwezi, pamene ndikuyesa C-x p g pa mapulojekiti awiri amene ndikugwira panopa.