FoxPro yakana pa Windows 11, VM ikukwawa, dongle siikuoneka

Kanjedza_Tech:
Akuluakulu thandizeni msanga, mutu waima. Kasitomala wanga ali ndi shopu ya hardware, simenti, malata, mapaipi. Stock yonse ndi angongole onse ali mu pulogalamu ya FoxPro 2.6 for Windows, 16-bit, yokhala ndi dongle ya Sentinel ya USB, kachitsulo ka laisensi komwe pulogalamu siigwira ntchito popanda iko. Imayenda pa kompyuta yakale ya Dell OptiPlex ya Windows 7 32-bit. Bwana atamva kuti Windows 10 yatha sapoti pa 14 October 2025 anagula makina atsopano a Windows 11 Pro ofesi yonse mpaka pa kauntala, ine kundiitana zinthu zitafika kale. Exe siikutseguka, compatibility mode palibe chomwe yachita. Ndakopa diski yonse ya OptiPlex ndi Disk2vhd kukhala fayilo ya VHD, ndailowetsa mu VirtualBox 7 ngati VM, kompyuta yoyerekeza yoyenda mkati mwa Windows 11. Yadzuka koma ikukwawa, pansi pa windo la VirtualBox pali kachizindikiro ka kakamba kobiriwira kaja. Dongle ndaika pa USB filter, mkati siikuoneka, nthawi zina ikuti busy. Malisiti amapita ku LPT1, parallel port yakale ija, pa pulinta ya Epson LX-310, makina atsopanowa alibe parallel. Windows ya mkati ikufunanso activation. Amene analemba pulogalamuyi anapita ku Joni kalekale, nambala sizigwira, source code palibe. Kumapeto kwa mwezi akufuna ma statement a angongole. Ndiyambire pati?

gogo_wa_DOS:
OptiPlex yo yafa? Ngati sinafe ibwezereni pa kauntala, muzule cable ya intaneti, anthu agwire ntchito. Zinazi muzichita pa sitolo ya munthu bwanji pamene makina oyenda bwino alipo.

Kanjedza_Tech:
Sinafe madala koma ma capacitor atupa ndipo imazima yokha kukatentha. Bwana safunanso kuiona, akuti analipira ndalama zambiri pa zatsopano.

mai_seva:
Achimwene, compatibility mode muisiye, singathandize. Windows ya 64-bit ilibe NTVDM, gawo loyendetsa mapulogalamu a 16-bit, ndipo Windows 11 ilibe mtundu wa 32-bit, choncho exe ya 16-bit siidzatseguka payokha pamenepo.

Kakambako kakutanthauza kuti Hyper-V, hypervisor ya Microsoft yoyendetsa ma VM, yagwira kale VT-x, mbali ya processor yothandiza ma VM, VirtualBox ikungopempha kudzera mwa iyo. Anthu ambiri amati sindinayatse Hyper-V, koma Memory integrity ya mu Core isolation imaiyatsa, chimodzimodzi WSL2, Sandbox ndi Virtual Machine Platform. Muzimitse zimenezo, kenako mu cmd ya admin bcdedit /set hypervisorlaunchtype off, restart. Koma mumuuze bwanayo poyera kuti mwachepetsa chitetezo cha makina atsopanowo. Ngati ndi kompyuta yomwe amalowera ku banki, musaikepo VM imeneyi, sankhani ina.

Za dongle, USB controller mwasankha iti? Ngati ndi xHCI ndiye vuto lili pomwepo, Windows 7 ilibe driver yake ya USB 3.0. Ikani pa EHCI, ya USB 2.0. Kuyambira VirtualBox 7.0 zimenezi zili mu package yaikulu, simukufunika Extension Pack, yomwenso pa bizinesi imafuna laisensi yolipira. Za busy zo, ndikukayikira kuti munaika driver ya Sentinel pa host, Windows 11 ya kunjayo, pamene mumayesa exe. Ichotseni, host ikulimbirana dongle ndi VM. Zulani dongle, yatsani VM, Windows ikadzuka ndiye mulowetse.

Kanjedza_Tech:
Ili pa xHCI amayi. Driver pa host iliponso. Ndikafika ku shopu ndisintha.

Zomba_Cables:
Poti ndi Pro bwanji osangopita pa Hyper-V yeniyeniyo? VHD muli nayo kale, Generation 1, basi. Simuzimitsa chilichonse.

mai_seva:
Dongle aidutsa pati? Hyper-V ilibe USB passthrough ngati ya VirtualBox. Enhanced session imafuna kuti Windows ya mkati mwa VM ikhale 8.1 kupita mtsogolo, ndipo ngakhale pamenepo ma dongle ambiri sadutsa. Mutha kugula ka USB over IP, koma ndi ndalama zina ndi chinthu chinanso choti chizivuta. Akafuna kusiya VirtualBox bola VMware Workstation Pro, inakhala yaulere ngakhale pa bizinesi kuyambira November 2024, ndipo ma dongle imawagwira bwinoko. Kungoti mu 17.6 anachotsa parallel port ndi Unity mode, ndiye amene amadalira zimenezo adziwiretu.

gogo_wa_DOS:
Mwaona? Tangoyamba kumene, tatchula kale ma hypervisor atatu. OptiPlex zakale zikugulitsidwa second hand m'tauni monsemu. Gulani ziwiri zofanana ndi imene ilipoyo, clone diski, imodzi pa kauntala ina m'kabati. Driver yomweyo, dongle yomweyo, LPT1 yeniyeni kumbuyo. Mtsikana wa pa kauntala saphunzira chatsopano.

Ndirande_Fix:
Pa pulinta musagule ka cable ka USB to parallel poganiza kuti kakupatsani LPT1, kamatuluka ngati USB001. LX-310 ili ndi USB yake kale. Ilowetseni mu VM ndi filter yachiwiri, muichite share mkati momwemo, kenako net use lpt1 \\127.0.0.1\dzina /persistent:yes. Ikakana yesani printer pooling, muchonge LPT1 ndi USB001 zonse. Lisiti likamatuluka mochedwa kapena la theka, onani ngati pulogalamuyo ikutumiza ma ESC code ake, driver ya Generic Text Only imathandiza.

Koma chimene chikundiopsa ine si pulinta. Ma DBF, mafayilo osunga data ya FoxPro, ali kuti? Mkati mwa VHD?

Kanjedza_Tech:
Eya ali pa C: mkati. Ndimaganiza zowatulutsa ndiike pa shared folder kuti backup ikhale yosavuta.

Ndirande_Fix:
Ayi ayi aise. Shared folder ya VirtualBox musaikepo DBF yomwe ikugwira ntchito. FoxPro imadalira kukhoma ma record, ndipo shared folder siikhoma monga diski yeniyeni. Ndinaitanidwa pa depoti ina ya zakumwa pomwe munthu wina anawachitira zimenezo. Poyamba zonse bwinobwino. Kenako kalaliki akuona kuti kasitomala wa ngongole yaikulu sakutuluka pa search koma pa lipoti lonse alipo. CDX, fayilo ya index yomwe search imadalira, inali itasokonekera kalekale, iwo akungolemba pamwamba pake. Reindex inabweza ena, koma panali ma invoice olowa kawiri ndi ena a nambala imodzi. Tinakhala ndi akawuntanti wawo tikufananitsa ndi mabuku a kaboni mpaka usiku, ndipo pena anangogwirizana ndi makasitomala pakamwa chifukwa umboni panalibe. Mwini depoti sanafune kumva za locking, kwa iye kompyuta inadya ndalama zake.

Data ikhale mkati pa diski ya VM. Backup ikhale kukopera foda yonse, DBF, CDX, FPT, pulogalamu itatsekedwa, kupita kunja. Tsiku lililonse poweruka.

mai_seva:
Ndipo snapshot, chithunzi cha mmene VM inalili pa nthawi ina, si backup, chonde. Ndikudziwa ofesi ina ya payroll imene IT wawo anasiya snapshot yolembedwa kuti clean. Tsiku lina VM itavuta, mnyamata wa attachment anadina restore pofuna kuthandiza. Zonse zomwe analowetsa kuchokera tsiku la snapshot zinapita, malipiro, ma loan a antchito, ma deduction. Anazilembanso pamanja kuchokera pa ma payslip osindikiza. Ngati mupanga snapshot poyesa, mukamaliza muifufute bwino kudzera mu VirtualBox momwemo, osati kufufuta mafayilo mu foda.

gogo_wa_DOS:
Pa OptiPlex palibe batani la restore loti mwana wa attachment adine.

Zomba_Cables:
Koma pali hard disk ya zaka zoposa khumi madala. Ndi power supply yomwe simuipezanso yatsopano.

gogo_wa_DOS:
SSD ya SATA imalowa bwinobwino. Power supply ndi chifukwa chake ndati mugule ziwiri. Ine ndili ndi makasitomala amene ali pa njira imeneyi ndipo sandiimbira. A ma VM ndi amene amaimba, lero update ya Windows yayatsanso Memory integrity, mawa wina wazula dongle kuti atchaje foni ndipo poibweza host yaigwira.

Lilongwe_Dev:
Palibe amene watchula otvdm. Ena amaitcha winevdm. Imayendetsa ma exe a 16-bit pa Windows ya 64-bit popanda VM. Ndinatsegulapo nayo mapulogalamu akale angapo pa Windows 10.

Ndirande_Fix:
Kutsegula ndi kwina, kusunga ngongole za shopu ndi kwina. Dongle yo ikalankhula ndi driver kudzera pati? Ndipo ikalemba molakwika mu DBF mudzadziwa liti? Yesani pa copy ngati mukufuna, pa data yeniyeni ine ayi.

Lilongwe_Dev:
Chabwino, koma mfundo yanga yaikulu ndi iyi. DBF si chinsinsi. LibreOffice Calc imatsegula, Excel imatsegulanso ngakhale kuyambira 2007 siisunga mu DBF. Lero lomwe atenge copy, atulutse stock ndi ma balance a angongole mu CSV, aike pambali. Dongle ikafa mawa, VM kapena OptiPlex zonse zilibe ntchito, ndipo woilemba ali ku Joni. Aliyense pano akukangana za bokosi loikamo pulogalamu pamene chinthu chosabwezereka ndi kachitsulo ka USB kamodzi. Mutsegule copy yokha, ndipo musadine save pa fayilo yeniyeni.

mai_seva:
Apa ndagwirizana nanu. Ndipo Kanjedza, simunanene, ogwiritsa ntchito ndi angati?

Kanjedza_Tech:
Awiri. Kauntala ndi a accounts kuseri. A accounts anali ndi Windows 7 yawo, map drive ku OptiPlex. Yawo anaipereka kale kwa mwana wa bwana.

mai_seva:
Ndiye nkhani yakula. Windows 7 Pro imalola munthu mmodzi pa nthawi, a accounts akalowa ali pa kompyuta ina kudzera pa RDP (Remote Desktop) a pa kauntala atuluka. Mufunika VM yachiwiri pa makina a accounts, ndipo kuti ziwirizo zionane muika bridged, VM kuoneka pa netiweki ngati kompyuta payokha. Pamenepo mwaika Windows 7 ziwiri pa netiweki ya ofesi, zomwe ma patch ake anatha pa 14 January 2020. Kumbukirani virus ya WannaCry mu May 2017, inayenda pa SMB, njira yogawana mafayilo pa netiweki, ndipo makina ambiri amene inagwetsa anali a Windows 7 osapachidwa, mpaka zipatala za NHS ku Britain zinabweza odwala. Ine ndikanaika network card yachiwiri pa makina onse awiri, cable yawoyawo pakati, bridged pa card imeneyo yokha, IP ya static, gateway osalemba, DNS osalemba. SMB1 muizimitse mkati, Windows 7 ndi Windows 7 zimamvana pa SMB2. Muwerengenso za oplocks, kukhoma mafayilo kwa SMB, ndi ma DBF musanawalole kulemba onse awiri nthawi imodzi, zasokonezapo ma index a anthu ambiri.

gogo_wa_DOS:
Ma VM awiri, ma card awiri, ma filter awiri, laisensi ziwiri. Za laisensi mwazidumpha bwanji? OptiPlex yo ili ndi sticker ya OEM, laisensi yobwera ndi kompyuta kuchokera kwa woipanga. Laisensi imeneyo ndi ya bokosi limenelo. Pa tsamba la Disk2vhd lomwelo a Microsoft analemba kuti Windows ya OEM siiloledwa kusamutsidwa kupita ku VHD. Activation ikufunsayo si kuvuta kwa VirtualBox. Mukagula OptiPlex ya second hand imabwera ndi sticker yake. Ndanena kuyambira pachiyambi.

Zomba_Cables:
Pa laisensi madala akunena zoona. Ndipo wina asabwere ndi ma loader onamiza activation muno, pa makina osunga ndalama za kasitomala simuikapo zotola pa intaneti.

Ndirande_Fix:
China, magetsi. VM ikazima mwadzidzidzi pali malo awiri oonongeka, DBF mkati ndi fayilo ya diski kunja. Onani kuti host I/O cache pa storage controller ndi yozimitsa. UPS ikhale ndi batire lamoyo, osati zija zimangolira kenako nkuzima limodzi ndi magetsi. Muwaphunzitsenso kutseka, pulogalamu kaye, shutdown ya mkati, kenako ya kunja. Akazolowera kudina X nkusankha power off mudzakhala mukupita kukapanga reindex sabata iliyonse. Zimitsaninso sleep pa host, ndi USB selective suspend, imagwetsa dongle masana.

Zomba_Cables:
Mabatire a 12V 7Ah masiku ano ambiri ndi achinyengo, opepuka m'manja. Ndinasinthira kasitomala awiri atsopano, mwezi sunathe akulira kale. Amene mukudziwa kopeza enieni ku Blantyre ndilembereni ku inbox.

Lilongwe_Dev:
Ndipo ntchito ngati iyi mumatchaja bwanji anzanga? Chifukwa bwanayo akuona ngati ndi kuika pulogalamu basi. Ine ndimalemba pa pepala kuti iyi ndi njira yodikirira, kasitomala asaine kuti wamva zoti Windows ya mkati ilibe sapoti ndipo dongle ilibe ina yolowa m'malo. Popanda pepala, tsiku lovuta mlandu ndi wanu.

mai_seva:
Pepala ndi lofunika. Mulembemonso tsiku loti mudzakhale pansi kukambirana zosamukira ku pulogalamu ina, apo ayi zodikirirazi zimakhala mpaka kalekale.

gogo_wa_DOS:
Kanjedza, ngakhale mupite ndi VM yanuyo, OptiPlex musaitaye ndipo musaifomate. Musinthe ma capacitor, anyamata okonza ma TV amachita zimenezo tsiku limodzi. Kumapeto kwa mwezi kukafika VM isanakhazikike, ma statement mudzatulutsira pamenepo.

Mzuzu_ICT:
Pepani kulowerera, ndili ndi yofanana koma yanga ndi ya DOS yeniyeni, Clipper, dongle yake ndi ya parallel. PCIe parallel card pa Windows 11 ilipo amene anaiyesa ndi vDos kapena DOSBox-X? Address yake siikutuluka 378 ndipo pulogalamu ikufuna pomwepo.