Makompyuta a ku Lundazi akukanika kulumikizana ndi seva ya WildFly ya ku Chipata

Akuluakulu ndi anzanga odziwa za maseva, ndikupempha nzeru zanu pa vuto limene landisowetsa tulo kwa masiku anayi tsopano.

Ndimayang'anira makompyuta a kampani ina yogula soya ndi mtedza kwa alimi, imene likulu lake lili muno mu Chipata ndipo ili ndi malo ogulira mbewu ku Katete ndi ku Lundazi. Mwezi wathawu tinasamuka pa JBoss AS 7, seva yakale yoyendetsera mapulogalamu a Java, n'kupita pa WildFly, imene inailowa m'malo. Pulogalamu ya Java imene makalaliki amalemberamo makilogalamu a mlimi aliyense imaitana ma EJB, zigawo za pulogalamu zimene zili pa sevayo, ndipo mu ofesi muno ikuyenda popanda chovuta. Koma ku nthambi ikungoima kanthawi, kenako n'kutulutsa uthenga wakuti EJBCLIENT000079, kutanthauza kuti yalephera kupeza kotumiza pempho. Dzulo kalaliki wa ku Lundazi amalemba zonse pamanja m'kope, alimi ali pamzere ndi matumba awo pa njinga ndi pa ngolo.

Zodziwika kale ndinazikonza. Doko (nambala ya khomo lolowera pa seva) lakale la 4447 ndinalisiya chifukwa WildFly imadutsitsa ma EJB pa 8080, ndipo adiresi ndinailemba moyambira ndi remote+http. Seva ndikuiyatsa ndi -b 0.0.0.0 kuti isamangomvera pa 127.0.0.1 (kompyuta yake yokha), dzina ndi mawu achinsinsi ndinapanga ndi add-user.sh mu ApplicationRealm, ndipo jboss-client.jar yatsopano ndinaikopera pa kompyuta iliyonse.

Chimene chikundikayikitsa ndi nginx, pulogalamu imene imalandira mapempho ochokera kunja n'kuwapereka ku seva. Makompyuta a mu ofesi amafika pa seva mwachindunji, pamene a ku nthambi amadzera pa nginx imene anaika amene ndinawalowa m'malo, ndipo sanasiye cholemba chilichonse chofotokoza mmene anaikonzera. Monga ndikumvera, kulumikizanaku kumayamba ngati HTTP wamba, pulogalamu n'kutumiza mutu (mzere wa pamwamba pa pempho) wa Upgrade wopempha jboss-remoting, njira imene ma EJB amadzera, ndipo seva iyenera kuyankha ndi nambala yovomereza ya 101 kuti njirayo isinthe. Nditayang'ana mu log (kaundula wa zochitika) ya nginx sindinapezemo 101 ngakhale mmodzi, koma 200 yekhayekha, ngati kuti seva yangolandira mlendo wofuna tsamba. N'chifukwa chake tsamba lolonjera la WildFly likutseguka bwinobwino pa browser ku Lundazi, chinthu chimene chinandipusitsa masiku awiri oyamba ndikumaganiza kuti netiweki ndi yabwino ndiye vuto lili m'pulogalamu.

Funso langa ndi ili: kodi alipo pakati panu amene anadutsitsapo ma EJB pa nginx poika proxy_http_version 1.1 ndi kupereka mitu ya Upgrade ndi Connection monga timachitira ndi WebSocket (njira ina imene nayonso imayamba ndi Upgrade), ndipo zinakhazikika? Ndikuopa proxy_read_timeout, imene ikasiyidwa mmene ilili imadula kulumikizana pakapita masekondi 60 popanda chodutsa, pomwe kalaliki amatha mphindi zingapo akudikira kuti thumba lichoke pa sikelo. Mtima wanga ukukokera kuika VPN (njira yobisika yolumikizira maofesi pa intaneti) pakati pa Chipata ndi nthambi kuti nginx ichokeretu panjira, komanso kuti zimene timatumiza zisamayende poyera pa intaneti, koma sindikufuna kupempha abwana ndalama za ma router atsopano ngati mizere itatu ya mu nginx.conf ingathetse nkhaniyi.

Amene angafune kuona standalone.xml (fayilo ya makonzedwe a WildFly) kapena log ya pulogalamu anene, ndiziika pano nditafufuta ma IP athu.