Nkhani ya rauta ija pa gulu lathu la banki mkhonde

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Pepani kulemba usiku koma izi sizingadikire Lachinayi. Ndimawonkhetsa mabuku kukonzekera kugawana kwa Disembala ndiye pa dzina la amayi a golosale pakuoneka K160,000 ya mu Ogasiti, sinabwezedwe olo tambala. Chiwongoladzanja cha 20 pa 100 miyezi itatu ndi K96,000, zonse pamodzi K256,000. Ine ndangowerenga zomwe zili mkabuku

Mayi a golosale: Aaa ayi. Ayi ndithu alembi. Ngongole yanga iti? Ndalama imeneyo ndi ya rauta ya gulu, kachipangizo kotulutsa wifi kaja, tinagwirizana tonse pansi pa mango paja kuti tigule tidzigulitsa wifi phindu lidzilowa mbokosi, lero yasanduka yanga bwanji

Msungichuma: Koma mkabuku munasaina ndinu achemwali

Mayi a golosale: Ndinasaina chifukwa inu nomwe munati ndalama singatuluke mbokosi popanda dzina la munthu, munati ingolembani dzina lanu poti chinthucho chikakhala kwanu, tidzakonza bwino. Ndiye kukonza kwake nkumeneku? K256,000 ine ndiitenga kuti, katundu yense wa mugolosale mwanga sakufika pamenepo

Telala: Zayambika kkkk ine ndinanena tsiku lomwelo kuti tigule mbuzi

Wapampando: Atelala dikirani kaye. Tiyeni tilankhule mmodzimmodzi. Alembi, mu maminitsi a msonkhano wa tsiku limenelo munalemba chani

Mlembi: Palembedwa kuti gulu lavomera zogula rauta. Basi. Zoti ndi ya gulu kapena ngongole sizinalembedwe, mvula inayamba kuwaza anthu nkubalalika

Telala: Mvula mu Ogasiti?

Mlembi: Chiperoni chija atelala mwaiwala, tonse tinathawira mkhonde mwa apampando

Mayi a golosale: Malisiti onse ndili nawo. Rauta K95,000, bandulo ya mwezi K45,000, kabatire ndi waya wake K20,000 koti magetsi akathima isamazime. Ine sindinadyepo olo fanta. Amene anakagula ku tauni ndi aphunzitsi, afunseni

Aphunzitsi: Zoona, ndinakagula ndine ndipo kuyika ndinayikanso ndine. Ndinalowetsa simu, ndinalemba dzina la netiweki, pasiwedi ya zilembo khumi ndi ziwiri yosakaniza ndi manambala. Ndinawauza amayiwa kuti pasiwedi asamauze munthu pakamwa, munthu akalipira K500 yake atenge foniyo alembe okha. Mmene ndimachoka zonse zinali bwino

Msungichuma: Ndiye ndalama zili kuti? Bandulo ya mwezi wathunthu, K500 pa tsiku munthu mmodzi, anthu amadzaza pakhonde la golosale paja mpaka usiku tonse timaona. Mbokosi simunalowe kanthu

Mayi a golosale: Bandulo yanuyo inatha masiku 11. Olipira ndinalemba mukope, 47, ndalama K23,500. Ndinatenga yomweyo nkugula bandulo ina yocheperako poti anthu amandivuta kuti talipira, inatha sabata imodzi, apo ndinatolera K9,000 ili mu envulopu mpaka lero. Kuyambira pamenepo ndimangoikamo timabandulo ta ndalama yanga kuti ndidzilankhula ndi mwana wanga ali ku Joni uja, nato tikumangotha ngati mchere wagwera mmadzi

Amake mapasa: Anthu odzaza pakhonde aja ndiye samalipira?

Mayi a golosale: Ukawafunsa akuti tili pa bandulo yathu. Ine ndilanda foni ya mwana wa eni ndione?

Aphunzitsi: Ndiloleni ndifotokoze zomwe ndinapeza, chifukwa Loweruka amayiwa anandiitana. Rauta iliyonse ili ndi tsamba lake lomwe umalowa pa foni, umalemba manambala aja 192.168 pa browser nkulowa ngati admin, mmenemo mumaoneka foni iliyonse yomwe yalumikizidwa. Nthawi imeneyo olipira analipo 4. Olumikizidwa ndinapeza 29. Rauta imeneyi imalola 32 basi, ndiye kunangotsala malo atatu kuti idzadze

Telala: 29!! Mudzi wonse kkkkk

Aphunzitsi: Chachiwiri, pasiwedi yanga ija kunalibe. Wina anabaya kabowo ka reset kali kumbuyo kaja, ukakabaya ndi kamtengo nkugwira kanthawi zonse zomwe unakonza zimafufutika, rauta imabwerera mmene inachokera ku fakitale. Ndiye dzina ndi pasiwedi zinabwerera zija zolembedwa pa kapepala komatidwa pansi pake. Rautayo inali pa kauntala pafupi ndi botolo la maswiti, aliyense wogula machesi amangoyitembenuza nkujambula

Mayi a golosale: Anabaya ndi mphwanga, tsiku lija magetsi atabwera inakana kugwira ndiye iye anati akudziwa. Inayambadi kugwira, ine nkumuthokoza. Ndikanadziwa bwanji kuti watsegula chitseko

Msungichuma: Mwamva apampando? Mphwawo. Ndiye kusasamala nkwa ndani? Ife tilipire zolakwa za mphwawo?

Aphunzitsi: Dikirani amayi sindinamalize. Reset inachitika sabata yachitatu. Bandulo yoyamba ija ya K45,000 inali itatha kale pasiwedi yanga ikadalipo. Imeneyo inatuluka njira ina. Mafoni a Android a masiku ano, kuyambira Android 10, ukalowa pa wifi pali poti share, imatulutsa QR code, kachithunzi ka timabokosi kaja, mnzako akangojambula walowa osafunsanso pasiwedi. Munthu mmodzi kulipira K500 atha kulowetsa anzake onse

Amake mapasa: Achimwene a kabaza bwanji mwangoti zii, tikukuonani kuti mukuwerenga

Wakabaza: Ine ndinalipira. Onani mukope dzina langa lilimo kawiri

Amake mapasa: Sitikufunsa zolipira. Anyamata a pa siteji aja analowa bwanji

Wakabaza: Ndinangopatsa awiri okha, wina amafuna kutumiza CV. Sindimadziwa kuti nawonso apatsa anzawo. Komanso inu munati ndi bandulo ya mwezi, ine ndimaona ngati ya mwezi siitha mpaka mwezi uthe

Aphunzitsi: Mwezi ndi nthawi yoti ikapanda kutha ifa yokha achimwene, koma mkati mwake muli ma GB owerengeka. Ili ngati thumba la ufa loti mudye mwezi, mukaitana mudzi wonse lifika Lachisanu? Ndipo foni ikaona wifi imasangalala, imayamba yokha kutsitsa ma update, kukweza zithunzi zonse ku Google, mwini wake ali phee foni ili mthumba. Pali poti uyiuze kuti wifi iyi ndi metered, kutanthauza ya bandulo yowerengeka, isamatero, koma ndani amapanga zimenezo pa wifi ya eni

Agogo: Ndine mdzukulu wawo ndikulembera agogo. Akuti iwo foni yawo ndi ya mabatani wifi sakuidziwa nkomwe, masheya awo asakhudzidwe. Akuti ndalama yawo ndi yogulira feteleza

Wapampando: Auzeni agogo tamva, palibe chomwe chagamulidwa

Msungichuma: Agogo akunena zoona. Malamulo athu ndi omveka, wotenga ndalama mbokosi amabweza ndi chiwongoladzanja. Tikayamba kukhululuka lero mawa wina adzatenga ya geni ya tomato, tomato akawola adzati inali ya gulu

Mayi a golosale: Aphunzitsi auzeni za TV ija. Ine ndimafuna ndisanene koma poti afika pondiyerekeza ndi tomato wowola auzeni

Aphunzitsi: Amayi mukundiika pa moto

Wapampando: Nenani aphunzitsi, ndalama ndi ya tonse

Aphunzitsi: Pa mndandanda paja zinthu zimaoneka ndi mayina ake, Tecno, itel, Samsung chonchi. Chimodzi sichinali foni, chinali TV, ndipo pa tsiku limenelo ndi chimene chinadya kwambiri kuposa mafoni onse. Sindikutchula munthu. Koma wifi ya 2.4 GHz ngati iyi siipita kutali kukakhala makoma a njerwa, nyumba yake iyenera kukhala yoyandikana ndi golosale

Telala: Nyumba yoyandikana ndi golosale yokhala ndi TV ya intaneti ilipo imodzi mmudzi muno kkkkkk

Msungichuma: Atelala samalani pakamwa. Ine TV sindionera, ndimafika ntatopa. Ngati ndi ana ine sindikudziwa

Amake mapasa: Mpira wa Loweruka uja tinamva kukuwa kwanu mlamu, mpaka bambo a kwathu anabwera kudzaonera konko

Msungichuma: Ndiye bambo a kwanuwo alipirenso

Wapampando: Basi basi. Apa zikuoneka kuti tonse tili ndi mafuta pakamwa. Ine maganizo anga ndi awa, chinthu tinavomera tonse, cholakwika nchakuti tinachilemba pa dzina la munthu mmodzi chifukwa chothawa kusintha malamulo, ndipo ine ndinali pompo sindinaletse. Sitingawalipiritse amayiwa chiwongoladzanja pa ndalama yomwe sanagwiritse ntchito yawo

Mlembi: Ndiye ndilembe bwanji? Bokosi likuperewera K160,000, tikachotsa K9,000 ya mu envulopu yatsala K151,000. Tilipo 20, tikagawana mofanana aliyense K7,550

Amake mapasa: Mofanana ayi. Ine ndimaponya sheya imodzi pa sabata, ena amaponya zisanu. Wifi ikanapindula phindu likanagawidwa potengera masheya, amasheya ambiri akanatenga zambiri. Ndiye poluza tifanane? Ichotsedwe pa phindu la gulu tisanagawane, aliyense aluze molingana ndi masheya ake

Msungichuma: Ndiye kuti ine ndiluze kwambiri kuposa nonse

Telala: Munaoneranso mpira kwambiri kuposa tonse

Agogo: Agogo akuti bwanji osatenga ya thumba la zadzidzidzi

Wapampando: Ayi imeneyo ndi ya maliro ndi matenda, rauta sinamwalire

Wakabaza: Bwanji tingogulitsa rautayo tibweze ndalama. Chigwereni kwacha mu Novembala 2023 zinthu za kunja sizitsika mtengo, mwina tipezapo yomweyo

Aphunzitsi: Yogwiritsidwa kale ntchito sangakupatseni mtengo wa mushopu, komanso ndi yokhoma, imalola simu ya kampani imodzi yokha. Ine ndikanati tisagulitse msanga. Chinthucho chilibe vuto, ndife tinachisiya chosakhoma. Choyamba pasiwedi ya admin isinthidwe, panopa ikadali ya ku fakitale moti mwana aliyense wa sekondale atha kulowa nkusintha zomwe akufuna. Kapepala kapansi kaphimbidwe, WPS, njira ija yolumikizira osalemba pasiwedi, izimitsidwe. Rauta ichoke pa kauntala ikwere pa mtanda pamwamba poti dzanja silifika, koma isagunde malata, ndipo zomaitsekera mu thiranki yachitsulo usiku zija ndi zimene zimapangitsa anthu kudandaula kuti netiweki yafooka, chitsulo chimatchinga

Mayi a golosale: Ndimaopa akuba ine

Aphunzitsi: Usiku muzingoizimitsa, ndi nthawi imene TV imadya. Za QR code zija mankhwala ake alipo, foni iliyonse ili ndi nambala yake yotchedwa MAC address, rauta utha kuiuza kuti ilole okhawo omwe walemba. Kuletsa mmodzimmodzi sikuthandiza chifukwa pa mafoni atsopanowa munthu amangosintha nambalayo mmasetingi nkulowanso, bola kulemba ololedwa okha. Koma ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku, wolipira kumulemba, nthawi yake ikatha kumuchotsa. Amene amachita geni imeneyi mwadongosolo amagula kachipangizo ngati MikroTik kotulutsa mavocha, aliyense kodi yake, nthawi ikatha imaduka yokha. Koma ndi ndalama inanso, ndipo tisanapite patali tifunse ngati kugulitsa intaneti chonchi sikufuna chilolezo cha ku MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti lija

Amake mapasa: Ndalama inanso ayi aphunzitsi chonde, iyi tisanaimalize kulira

Msungichuma: Ndipo ntchito yolemba ma MAC anuwo agwire ndani, ulere?

Aphunzitsi: Ine ndili ndi ma exam a ana, ndingaphunzitse munthu koma sindingakhale pa golosale

Mayi a golosale: Ine kwanga isabwerenso. Miyezi itatu anthu kundigogodera usiku kuti netiweki yavuta, magetsi anga, lero nkumva kuti ndili ndi ngongole ya K256,000. Aitenge amsungichuma poti TV ili konko

Wapampando: Tamvana chonchi. Alembi chiwongoladzanja chiimitseni, musafufute kanthu mkabuku mpaka Lachinayi tidzavote anthu onse alipo, osunga makiyi atatu nonse mubwere. Amayi a golosale mubweretse malisiti, kope la olipira ndi envulopu. Zogawana mofanana kapena potengera masheya tidzakweza manja. Achimwene a kabaza ndi amsungichuma nkhani ya faini yanu idzakhala yoyamba, ndipo aphunzitsi mubweretse chithunzi cha mndandanda uja tidzaone mafoni 29 amenewo ndi a ndani

Msungichuma: Faini ine ndidzalipira gulu likagamula, koma mndandandawo udzawerengedwe wonse mokweza, osadumpha dzina

Mayi a golosale: Rauta ndaizula pompano, ili mu jumbo pamodzi ndi kabatire kake. Wofuna intaneti usiku uno agule yake

Telala: Ohoo nchifukwa chake yangoduka, ine ndimayesa ndi magetsi

Wapampando: Alembi, lembaninso atelala