Database ikumahang'a m'mawa uliwonse, ndiione bwanji pa terminal?

Chambo_wa_Senga

Akuluakulu moni nonse. Ndimayang'anira sisitimu ya shopu ina ya zaulimi kuno ku Salima, seva ili ku Kamuzu Road ndiye nthambi ya ku Chipoka ndi ya ku Nkhotakota boma zimalowa kudzera pa intaneti. Ndi Ubuntu, database ndi MySQL, RAM 8GB. Vuto ndi lakuti ikangokwana 8 koloko m'mawa zinthu zimaima, wa pa kauntala akadina save lisiti silituluka chimangozungulira, ndiye panopa ndi nyengo ya feteleza ndi mbewu anthu amakhala atandanda kale panja ena achokera ku Lifuwu panjinga. Chodabwitsa kuyang'ana stock kumatheka bwinobwino, kugulitsa ndiye ayi. Anyamata a pashopu anazolowera zikatero amangolisitata seva ndipo zimayambadi kuyenda.

Ine ndimalowa mu seva ndili kutali kudzera pa SSH ndi hotspot ya foni, za ma dashboard olemera aja bandulo siingalole. top, command yoonetsa mapulogalamu omwe akudya mphamvu ya makina, imangondionetsa kuti mysqld, pulogalamu ya MySQL yo, ili pamwamba basi. Pali njira yoonera mkati mwa database momwemo zinthu zikuchitika, ngati mmene top imachitira?

AnkoloLinux

Mphwanga choyamba auzeni anyamatawo asiye kulisitata. Kumeneko ndi kusesa mapazi a wakuba apolisi asanafike, ma connection onse omwe akanakuuzani vuto amafera pomwepo. Apirire mphindi zisanu zokha inu muyang'ane.

Simukufunika kuika chilichonse, lowani mu mysql mulembe `SHOW FULL PROCESSLIST;` FULL yo musaiwale chifukwa popanda iyo query imadulidwa pa zilembo 100 zoyamba ndipo nthawi zambiri WHERE yomwe mukuifunayo ili kumapeto. Komanso user wanu akhale ndi PROCESS privilege apo ayi muziona ma connection anu okha n'kumati kulibe kanthu. Kuti izibwera yokha tulukani mu mysql mulembe `mysqladmin -i 2 processlist`, kapena `watch -n 2 'mysql -e "show full processlist"'` yomwe ine ndimaikonda poti siidzaza sikirini. Password ikani mu `~/.my.cnf` muipange chmod 600, osati kuilemba pa command.

Powerenga yang'anani malo atatu, Command, Time ndi State. Za Sleep zisakuopseni ngakhale Time itafika masauzande, ndi ma connection ongokhala ndipo MySQL payokha imawalekerera mpaka masekondi 28800, maola 8 amenewo. Zimakhala nkhani zikachuluka kuyandikira max_connections yomwe imabwera ili 151. Zofunika ndi zomwe zalembedwa Query koma Time ikungokwera. Mukaona mzere wautali onse State yawo ikuti Waiting for chakutichakuti lock (lock ndi pomwe wina wagwira table kapena mzere kuti anzake adikire), amenewo si olakwa, nawonso akudikira. Fufuzani mmodzi amene anayamba kale kuposa onsewo koma iye sakudikira aliyense.

Ndipo mwanena nokha kuti kuwerenga kukutheka kulemba ayi, nthawinso yake ndi imodzimodzi tsiku lililonse. Ine ndikununkhiza lock, koma kaoneni kaye.

Kambuzi_KK

Aise ingowonjezerani RAM basi kkkk. Komanso onani innodb_buffer_pool_size, malo a mu RAM omwe database imasungiramo data yomwe ikugwiritsa, imabwera ili 128MB yokha ndiye makina a 8GB database nkumapanikizika pa kamalo kakang'ono. Ife kuno ku Dwangwa titaikweza malipoti anayamba kuthamanga. Chinanso kutentha kwa kunyanja kuno mukukudziwa, seva ikakhala mkachipinda kopanda windo fani yake imalira ngati ikufuna kuuluka.

NaBanda_Dev

Achimwene a Kambuzi za buffer pool mukunena zoona aikweze ndithu, koma RAM yochepa siiyang'ana wotchi kuti yakwana 8 koloko, siisankhanso kuti uyu awerenge uyu asalembe. Asanapite kwa abwana kukapempha ndalama atsegule `vmstat 2` nthawi ya vutoyo. Ma column a `si` ndi `so` akamasuntha ndiye kuti makina akugwiritsa swap, kubwereka malo pa disk m'malo mwa RAM, RAM yachepadi. Column ya `wa` ikakwera ndi disk yomwe ikulemedwa. Zonse zikakhala ziii koma anthu akulephera kugulitsa, ndi lock imene a Ankolo akunena.

Tsono pa funso lenileni a Chambo, chofanana ndi top chilipo, dzina lake mytop, anailemba Jeremy Zawodny mu Perl kalekale. Pamwamba imaonetsa ma query pa sekondi ndi ma thread, pansi ndi mndandanda uja ukusintha wokha masekondi 5 aliwonse. Mukadina i ma Sleep aja amabisika, s mumasintha liwiro, f kenako Id mumaona query yonse, e imakupangirani EXPLAIN pompo kuti muone mmene MySQL ikuyendetsera query yo, k ndi yophera. Ndi yakale inde koma pa netiweki yofooka ndi yabwino heavy poti ndi zilembo zokhazokha.

Ineyo ndimagwiritsa kwambiri innotop ya Baron Schwartz chifukwa imalowa mpaka mu InnoDB, injini yomwe imasunga ma table mu MySQL. Mumasintha ma sikirini ndi zilembo zazikulu, Q ma query, T ma transaction, L ma lock, D ma deadlock, mukasokonezeka dinani ? ikuuzani. Ya T yo ndi imene imandithandiza chifukwa pali vuto lina lomwe processlist imakunamizani, pulogalamu imatsegula transaction n'kusintha mzere kenako osapanga commit yotsimikiza kusinthako, mwina netiweki ya kunthambi yaduka pakati, ndiye connection yo imaoneka Sleep yosalakwa chonsecho yagwira lock anzake onse akuidikira. Popanda innotop mungaione ndi `SELECT * FROM information_schema.innodb_trx\G` muyang'ane trx_started yakale kwambiri.

Pa zopha chenjerani. `KILL QUERY 123` imaimitsa query yokhayo, `KILL 123` imadula connection yonse, ndipo ngati inali UPDATE yaikulu InnoDB imayamba kubweza zonse zomwe inasintha, nthawi zina kubwezako kumatenga nthawi kuposa mukanangoisiya imalize.

Ndi hotspot yanuyo zonsezi muzipangira mu tmux, pulogalamu yosunga terminal yanu pa seva, sikirini muigawe pawiri kwina innotop kwina vmstat, netiweki ikaduka mukungolowanso `tmux attach` mupeza zili momwemo.

Chambo_wa_Senga

Zikomo achemwali, zikomo Ankolo. Lero ndinakhala pa innotop 8 isanakwane ndipo ndinawauza asakhudze seva. Itangokwana panabwera connection ya root yochokera localhost, query yake yolembedwa chonchi `SELECT /*!40001 SQL_NO_CACHE */ * FROM sales_items`, kenako pansi pake ma INSERT a ku Chipoka ndi a pa kauntala anayamba kuunjikana onse Waiting for table metadata lock. Pa vmstat `si` ndi `so` zinali 0. Ya root ija itamaliza onse anadutsa nthawi imodzi malisiti n'kutuluka. Mu pulogalamu yathu query yotero mulibe, ikuchokera kuti?

AnkoloLinux

Ameneyo ndi mysqldump, SQL_NO_CACHE yo ndi chizindikiro chake. Ndi backup yanu. Lembani `sudo crontab -l` muyang'anenso mu /etc/cron.d mupeza mzere wake, poti cron ndi imene imayendetsa ntchito zoikiridwa nthawi. Ndikhoza kubetcha kuti walembedwa `0 6 * * *`, amene anakuikirani seva ankafuna 6 koloko shopu isanatsegulidwe koma wotchi ya seva ili pa UTC, ife tili maola awiri kutsogolo, ndiye 6 wake ndi 8 wathu. `timedatectl` ikuuzani.

mysqldump mukangoisiya mmene imabwerera imaloka ma table a database yomwe ikukopera kuti wina asalembemo, kuwerenga kumaloledwa, n'chifukwa chake stock imaoneka. Muwonjezere `--single-transaction` izikopera popanda kutsekereza ogulitsa. Koma zimenezi zimagwira pa InnoDB pokha, ndiye yambani mwaona `SHOW TABLE STATUS` pa Engine, sisitimu ikakhala yakale mutha kupezamo ma table a MyISAM, injini yakale, poti InnoDB inakhala default kuyambira pa 5.5. Komanso backup ikuyenda musapange ALTER TABLE.

Ndipo dziwani kuti masiku onse anyamata ankalisitata aja backup imadukira panjira. Tsegulani mafayilo akalewo ndi `tail -1`, yomwe inamaliza bwino imathera ndi mzere woti Dump completed.

NaBanda_Dev

Pa za wotchiyo ine ndikanangosintha ola mu cron, ikani 4 yomwe ndi 6 wathu, kapena madzulo mutatseka ngati kumeneko magetsi amavuta mbandakucha. Kusintha timezone ya seva yonse pakati pa sizoni kungakusokonezereni malipoti, ma column a TIMESTAMP amatsatira timezone pomwe a DATETIME amakhala mmene analembedwera.

Mukamaliza yatsaninso slow log, fayilo yolemba ma query ochedwa, poti simungamakhale pa innotop tsiku lonse, `SET GLOBAL slow_query_log=1;` ndi `SET GLOBAL long_query_time=1;` chifukwa imabwera ili masekondi 10, pa kauntala amenewo ndi ambiri. long_query_time yo imayamba kugwira pa ma connection atsopano okha, ndipo zonsezi muzilembenso mu config apo ayi seva ikazima zibwerera mwakale. Pakatha sabata `mysqldumpslow -s t` pa fayiloyo mutitumizire zitatu zapamwamba tione ngati sales_items yo ili ndi index pa deti.