Za kukula kwa chithunzi mu Congressional Art Competition: zatheka

Zikomo nonse amene munayankha funso langa lija, loti kodi mainchesi 26 a mpikisano wa zojambula wa ana a sekondale kuno ku America, umene umayendetsedwa kudzera mwa aphungu a Nyumba ya Malamulo, amayezedwa pa chithunzi chokha kapena ndi felemu yomwe. Amene munati ndi felemu yomwe munalondola. Malire ndi mainchesi 26 m'litali, 26 m'lifupi, 4 kuchindikala kwake, ndipo kulemera kusapose mapaundi 15.

Chithunzi cha mphwanga n'cha mainchesi 24 mbali zonse. Felemu yoyamba inkawonjezera inchi imodzi ndi theka mbali iliyonse, zonse pamodzi n'kufika 27. Tinaisintha n'kuika yopyapyala, zinatsika kufika 25.5, ndipo ofesi ya phungu wa dera lathu yachilandira. Panopa tikudikira zotsatira.

Imbirani ofesi ya phungu wanu msanga, chifukwa tsiku lotsekera limasiyana dera ndi dera. Ngati mwana wajambula ndi makala kapena pastel (choko cha mitundumitundu chojambulira), apopere fixative (mankhwala omata fumbi la chojambulacho papepala) asanaike mu felemu, apo ayi fumbi lake limayoyokera pagalasi. Chofunika koposa, asakopere chithunzi cha munthu wina cha pa intaneti, amachikana. Chopambana chimapachikidwa chaka chathunthu mumsewu wapansi wolowera ku Capitol, Nyumba ya Malamulo ya ku Washington.