Hositelo ya atsikana ija aiimitsa, tichite bwanji?

Mlembi: Moni nonse akwathu. Dzulo kunabwera anthu awiri a ku khonsolo pa CDSS paja, awauza amisiri kuti ayambe aima kaye mpaka tionetse pulani yodindidwa. Maziko anakumba kale, simenti matumba 60 ali mu ofesi ya ahedi. Maganizo anu chonde.

Achimwene a ku Joni: Aaa koma abale inu, pulani ya chani kumudzi? malo anapereka ndi a Gulupu anthu onse akuona, komiti ya chitukuko ya mmudzi (VDC) inalipo, ya dera lonse (ADC) inavomera, nde munthu angotsika pa njinga yamoto nkumati imani? ife kuno tikugona anayi chipinda chimodzi kuti titumize kangachepeko, ana athu akuchita self boarding mtizipinda ta kuseri kwa magolosale komwe anyamata a kabaza amangozungulira usiku, khonsoloyo inali kuti zaka zonsezi

Msungichuma: Ine nkhawa yanga ndi simentiyo basi. Ikakhalitsa imauma, ndipo mvula ikangoyamba maenje aja adzadza madzi. Kumbukirani momwe zinthu zinadulira kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023, bajeti yathu ija tinachita kulembanso.

Achemwali a ku Area 25: Achimwene ndakumvani ndipo zikupweteka, koma apa a khonsolo sanalakwe. Kale lamulo la mapulani a zomanga la 1988 linkagwira kwambiri mmatauni ndi malo ena osankhidwa, koma Physical Planning Act ya 2016 inati dziko lonse ndi malo ofunika pulani, kwathu komwe. A Gulupu amapereka malo, sayeza kuya kwa maziko kapena kukula kwa zitsulo za mu ring beam, lamba wa konkire uja wozungulira pamwamba pa khoma. Ndipo iyi si khitchini ya agogo, muzigona ana a eni ake usiku ndi usiku. Ine ndakhala pa ma site zaka zambiri, ndinaonapo khoma lokongola lopaka laimu likung'ambika chaka chimodzi chisanathe chifukwa mmisiri ankasakaniza thumba limodzi ndi mawilibala a mchenga osawerengeka, enawo akugulitsa kuseri. Woyendera akabwera pa maziko, pa lintala ndi pa denga amatiteteza ifeyo amene tili kutali, zithunzi za pa WhatsApp sizionetsa zimenezo.

Malume a ku Ndirande: mmm tisavutike apa, tingowapatsa ya fanta anyamatawo ntchito ipitilire kkkk

Wapampando: Amalume, chimenecho ayi. Ndalama izi ndi za anthu, mu lipoti tidzalemba kuti chani? Musalembenso zotere pagulu pano.

Aphunzitsi opuma: Ndifunse nawo ana anga. Nanga njerwa zija? Amayi a midzi itatu anatunga madzi mwezi wathunthu, achinyamata anaumba, uvuni tinaotcha. Ndamva kuti akuti sizololedwa.

Achemwali a ku Area 25: Zoona aphunzitsi, malamulo a 2018 analetsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zikuluzikulu pofuna kuteteza mitengo, nchifukwa chake mukuona mabuloko a simenti paliponse pano. Hositelo ili pa malo a sukulu ya boma nde atifunsa ndithu. Komanso kontirakitala akhale wolembetsedwa ku bungwe la boma loyang'anira ntchito zomanga, osati chifukwa ndi mwana wa mlamu wa uje.

Aphunzitsi opuma: Ndiye mukawauze ndinu amayiwo, ine nkhope ndilibe. Munthu anasiya dimba lake kukasenza madzi.

Msungichuma: Tikhoza kugulitsa njerwazo kwa omanga nyumba zawo pa trading, ndalamayo tigulire mabuloko, ndipo tidzanene poyera kuti khoma ili ndi thukuta la amayi aja. Sizikwana koma zichepetsako.

Achimwene a ku Joni: chabwino za njerwa ndamva, koma izi zoti muzigona ana 40 okha ndi zachibwana, ikani mabedi osanjikiza alowe 70, ofuna malo ndi ambiri

Mayi a ku Leeds: Pepani ndalowa mochedwa ndinali ku shift. Achimwene apo pokha ndikukanani. Ine ndinagonapo mu hositelo yodzaza, chitseko chimodzi chotsekukira mkati, mawindo onse ma burglar bars, magetsi akazima aliyense kandulo pambali pa neti akuwerenga za MSCE. Tangoganizani moto utabuka pamenepo. Pakhale zitseko ziwiri zotsekukira kunja, zimbudzi ndi mabafa zokwanira, ndipo ana asalowe mpaka a khonsolo atayendera nkupereka chikalata choti mutha kugonamo anthu. Ndiponso malo aja ali mmunsi mwa phiri, amene tinaona za ku Chilobwe nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023 sitingatseke maso pa nkhani ya ngalande.

Achimwene a ku Joni: nde 30 otsalawo azikagona kuti mayi

Mayi a ku Leeds: Phase 2 achimwene, mutumizenso ma rand kkkk

Wapampando: Tamvana pang'ono. Achemwali a ku Area 25, unduna wa zamaphunziro uli ndi mapulani ake a nyumba za sukulu, tafufuzani ngati tingatengeko wa hositelo mmalo molipira wojambula. Alembi ndi ahedi apite ku khonsolo Lolemba akafunse ndalama zake ndi masiku ake, abwere ndi risiti. Simenti isanjikidwe pa matabwa isakhudze pansi. Za amayi a njerwa ndikalankhula ndekha ndi a Gulupu Loweruka.

Malume a ku Ndirande: transport ya alembi atulutsa ndani